Sabata ya fumbi ndi siponji

Njinga zamoto zambiri zimene zinalowa m'galaja sabata yapitayi zinabwera ndi madandaulo osiyanasiyana. Wina ankati yake ikumwa petulo kwambiri, wina ikuvuta kulira m'mawa, wina ikufooka pamtunda. Koma tikamasula mpando n'kutsegula bokosi la mpweya, gwero la mavuto linkapezeka lili momwemo, pa fyuluta ya siponji, imene imasefa mpweya wolowa mu injini.

Lolemba kunabwera Yamaha yoyenda kwambiri m'misewu yafumbi. Mwini wake ananena monyadira kuti fyuluta amaichapa yekha pafupipafupi. Inalidi yoyera mbee, yopepuka, youma gwa. Ndinaunika ndi tochi m'paipi ya labala yochoka kubokosi kupita ku kabuleta, kenako ndinapisamo chala. Chinatuluka chotuwa ndi fumbi losalala.

"Bambo, taonani apa," ndinatero.

"Koma amisiri, fyulutayi si yoyera bwinobwino?"

Ndinawafotokozera kuti siponji payokha sigwira fumbi, chifukwa timabowo take n'tatikulu kuposa fumbilo. Chimene chimagwira ntchito ndi oyilo womata amene amakuta makoma a timabowoto. Mpweya ukamakhotakhota mkatimo, fumbi limagunda makoma n'kumatirira. Siponji youma imangotchinga masamba ndi timiyala, zotsalazo zimadutsa. Ndipo mpweya wodutsa pamenepo si wochepa: kuti ipsereze lita imodzi ya petulo, injini imameza malita pafupifupi 9,000 a mpweya. Fumbi la mumsewu lili ndi mchenga wolimba kuposa chitsulo cha silinda, choncho likalowa limapala maring'i a pisitoni ndi milomo ya valavu yolowetsa mpweya. Valavu ikadyeka imamira, mpata wake umachepa, njinga n'kuyamba kuvuta kulira. Nditayeza, mpata wa valavu ya bambowa unali utatsala pang'ono kutheratu. Tinaukonza, koma chitsulo chimene chinadyeka kale sichibwerera, ndipo zinandiwawa chifukwa munthuyo amaikonda njinga yake, palibe chabe amene anamuuza za oyilo.

Lachiwiri ndinakhala nthawi yaitali ndi mnyamata amene akuphunzira ntchito. Ndinamupeza atanyamula botolo la petulo, fyuluta ili kale m'beseni.

"Iwe, bweza petuloyo."

"Madala, si ameneyu amachotsa msanga?"

Amachotsadi msanga, koma amafewetsa guluu wa m'misoko ya siponji, ndipo nthunzi yake sichedwa kugwira moto. Tinayambira poyambirira. Usanatulutse fyuluta, umapukuta mozungulira kuti dothi lisagwere mkati, ndipo ukangoitulutsa umatseka pakamwa pa paipi ndi kansalu koyera. Ambiri amachapa fyuluta n'kuibwezera m'bokosi lodzaza mchenga, choncho bokosilo tinalipukuta mpaka m'makona. Fyuluta tinaiviika m'mankhwala ake otsukira, ngakhale palafini amathandizanso kusungunula oyilo wakale. Madzi akuda bii anatsika, mchenga n'kudikha pansi pa beseni moti ukapisa dzanja umaumva kukhakhala. Kenako tinaichapa m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, n'kutsukuluza mpaka madzi atayera.

Dzanja la mnyamatayo linkafuna kupotokola ngati akufinya chovala, ndipo ndinamugwira mkono. Siponji imafinyidwa pakati pa zikhato, pang'onopang'ono. Ukaipotokola, timakoma ta mkati timang'ambika osaoneka, misoko n'kuyamba kulekana. Tinaiyanika pamthunzi podutsa mphepo. Mpweya wa kompuresa umaiboola, moto umaiumitsa mpaka kukhanyata, ndipo oyilo samata pa siponji yonyowa. Palibe chidule pamenepa, umangodikira kuti iume.

Itauma, tinaiika m'jumbo, kuthiramo oyilo wa fyuluta, n'kuikanya kuchokera kunja kwa jumbolo. Oyiloyu amamupatsa dala mtundu, wina wabuluu wina wofiira, kuti uone pamene sanafike. Ndinamuuza aitembenuze ndi kuyang'ana mkati, makamaka m'misoko ndi m'mbali mwa mlomo. Panali kachigamba kotuwa kukula ngati chikhadabo. Fumbi limatsata mpweya, mpweya umatsata posavuta kudutsa, ndiye kachigamba kotere kamakhala khomo. Anakanyanso mpaka mtundu unafanana ponse, kenako anafinya wotsala ndi kupukuta ndi pepala lofewa. Fyuluta yothiridwa bwino imamata zala koma sidontha. Tinaisiya kanthawi kuti mankhwala osungunula amene ali mu oyiloyo auluke, chifukwa m'pamene amayamba kumata kwenikweni.

Lachitatu kunabwera vuto la mbali inayo. Njinga inkatulutsa utsi wakuda, pulagi ili ndi mwaye, mphamvu palibe. Mwini wake anali ataviika fyuluta mu oyilo wa injini osaifinya, mpweya n'kuchepa, petulo n'kuchuluka. Pansi pa bokosi panali chithaphwi cha oyilo. Mabuku a njinga zina amalola oyilo wa injini kapena wa magiya wa SAE 80-90, ndipo ngati buku lako likutero, palibe cholakwa. Ine ndimakondabe oyilo wopangidwira siponji, monga wa Twin Air, Motul kapena Bel-Ray, chifukwa wa injini amatsetsereka pang'onopang'ono kupita pansi, pamwamba n'kutsala pouma. Wa No-Toil ndi wochokera ku zomera ndipo amachoka ndi madzi ndi sopo wake, koma usamusakanize ndi enawo siponji isanachapidwe bwino.

Lachinayi linatha ndi matcheni ndi mabuleki. Panangobwera mmodzi amene anathira oyilo pa fyuluta ya pepala atamva kuti mafyuluta amafuna oyilo. Ya pepala sichapidwa ndi madzi, sithiridwa oyilo, tinaikamo yatsopano.

Ya Lachisanu ndiyo inandiganizitsa kwambiri. Fyuluta inali yochapidwa bwino, oyilo wokwanira, komabe m'paipi munali mzere wa fumbi mbali imodzi yokha. Mzerewo unandilondolera pamlomo wa fyuluta, pamene kachimango kake ka pulasitiki sikanakhale m'malo mwake, mpata n'kutsala wolowa nsonga ya chala. Mpweya wonse wakuda unkalambalala siponji n'kudzera pamenepo. N'chifukwa chake ndimapaka girisi wochepa kuzungulira mlomo wonse, ndipo ndikamanga bawuti, ndimayendetsa chala mozungulira, ngakhale kuseri kumene maso safika, kuti ndimve ngati yakhala ponse. Ndisanatseke ndimaonetsetsanso kuti kansalu kaja ndakachotsa m'paipi, chifukwa injini ikakameza ntchito imakhala ina.

Tsiku lomwelo tinataya fyuluta ya Honda yakale. Nditaitsina, tizidutswa tinatsalira pa zala. Siponji ikafika poyoyoka chonchi, yokha imasanduka zinyalala zolowa mu injini, ndipo palibe oyilo amene angaipulumutse.

Loweruka anabwera amene amayenda m'fumbi tsiku ndi tsiku, kufunsa kuti aziichapa pakatha makilomita angati. Ndinawauza kuti nambala ya m'buku ndi ya misewu yabwino. M'fumbi lambiri ulendo umodzi ungakwane kuidzaza, choncho azitsegula n'kuyang'ana. Ndinawalangizanso kugula siponji yachiwiri, kuti ina ikamauma ina ikhale m'njinga, yothira kale oyilo isungidwe m'jumbo lotseka. Anaitanitsa ziwiri, ndipo zifika mkati mwa sabata ino.