Brampton: mzinda umene ukukulira m'kati mwa nyumba

Pa phunziro lathu la chiwerengero cha anthu, aliyense anauzidwa kusankha mzinda umodzi womera m'mphepete mwa mzinda waukulu. Ine ndinatenga Brampton, kumpoto chakumadzulo kwa Toronto ku Canada.

Kale malowa ankadziwika ndi ulimi wa maluwa. Mu 2001 kunali anthu pafupifupi 325,000, koma kalembera wa 2021 anapeza 656,480. Oposa theka ndi ochokera ku India, Pakistan, Sri Lanka ndi mayiko oyandikana nawo, kapena ana awo. Munthu mmodzi mwa anayi alionse ndi wa chipembedzo cha Sikh, ndipo ukachotsa Chingerezi, chinenero chomveka kwambiri m'misika ndi Chipunjabi. Ntchito zambiri n'zoyendetsa mathiraki ndi za m'nyumba zosungiramo katundu, poti bwalo la ndege la Pearson lili pafupi.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi kanambala kakang'ono: pa avereji, nyumba imodzi ku Brampton imakhala ndi anthu 3.6, pomwe dziko lonse la Canada ndi 2.4. Nyumbazo anazimangira bambo, mayi ndi ana awiri. Lero m'mwamba muli agogo, makolo ndi zidzukulu, ndipo chipinda cha pansi pa nthaka achisandutsa cha lendi, momwe ena kwathu kuno amachitira ndi boyizikota. Alendiwo ambiri ndi ophunzira ochokera ku Punjab, chigawo cha kumpoto kwa India, ndipo lendi yawoyo ndi imene imathandiza mwininyumba kubweza ngongole ya ku banki. Msewu ukauona uli phee, kapinga wotchetcha bwino, koma pakhomo pali galimoto zinayi.

Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake khonsolo imatsalira. Ikawerenga madenga, madzi, mabasi ndi masukulu zimaoneka zokwanira. Anthu okhala pansi pa madengawo ndiwo ochuluka. Mpaka pano mzinda wonsewu ukudalira chipatala chachikulu chimodzi, Brampton Civic, chomwe chinatsegulidwa mu 2007.

Mnzanga wina m'gulu lathu anati kuthithikanako ndi chizindikiro cha umphawi. Sindikugwirizana naye kwenikweni. Agogo akamalera ana, makolo onse awiri amapita kuntchito, ndipo ku gurdwara, komwe Asikh amapembedzerako, chakudya chophikira gulu chotchedwa langar amadya aliyense kwaulere. Amene akuvutikadi ndi wophunzira wogona m'chipinda cha pansi ndi anzake angapo, chimene mwina sichinalembetsedwe n'komwe ku khonsolo. Lipoti langa ndilembera za iyeyo.