Mmene ndimasamalira minti, rosemary ndi anzake kuseri kwa nyumba

Mbewu zokometsera ndiwo ndi tiyi sizifuna kudyetsedwa ngati chimanga. Ukazithira feteleza wa urea, amene nayitrojeni wake amafika 46 pa 100 alionse, masamba amabiriwira ndithu n'kukula msanga, koma ukawatikita m'manja fungo lake limakhala lochepa. N'chifukwa chake ine mphamvu zanga zambiri zimathera pa dothi, mbewu isanalowe.

Ndimasakaniza dothi lapamwamba, mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu, ndiye ndimaziunjika ndi zinyalala, n'kumatembenuza mulu mpaka utasiya kutentha m'kati. Zikamayoyoka m'manja osanunkha, zapsa.

Minti ndimamudzala yekha m'chidebe chobowola pansi, pamthunzi pang'ono. Pabedi salemekeza malire, mizu yake imayanga pansi n'kukatulukira pakati pa anyezi. Rosemary amafuna zosiyana: dzuwa tsiku lonse, mchenga wambiri, manyowa ochepa. Ndimamuika pamtumbira wokwera chifukwa mvula ya Januwale ndi Febuluwale ikadikha pamizu amafota ngati wasowa madzi, chonsecho mizu yawola. Ambiri akaona choncho amathamangira kheni, n'kumumaliziratu.

Pothirira sinditsata kalendala. Ndimapisa chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri. Chikatuluka chonyowa, ndimadutsa. Mu Okutobala minti ndi lemon grass amamwa m'mawa uliwonse, ndipo ndimaphimbira patsinde ndi udzu wouma, kusiya kampata kuti chiswe chisafike pa mbewu.

Chakudya chowonjezera ndi manyowa amadzi. Ndimaika zitosi m'thumba, kulimanga, n'kuliviika m'mgolo wa madzi kwa milungu iwiri kapena itatu. Madziwo amatuluka akuda bii, fungo lake anansi samaliyamikira. Ndimawasungunula mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka, kenako n'kuthira pansi osati pamasamba, dothi lili lonyowa kale. Lemon grass ndi minti amalandira kamodzi pamwezi, makamaka ndikangowadula. Rosemary ndimamudumpha.

Kudula ndiye kumene anthu amachita nako mantha. Mpungabwi ukayamba kutulutsa maluwa ndimatsina nsonga pamwamba penipeni pa masamba awiri, ndipo pamenepo pamaphuka nthambi ziwiri. Ukausiya uchite maluwa, umasiya kupanga masamba. Sindichotsa kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a mbewu nthawi imodzi. Lemon grass akathithikana ndimamuzula mvula ikayamba, kumugawa n'kudzalanso.

Nsabwe zikagwira nsonga ndimasinja masamba a nimu, kuwaviika usiku wonse, kusefa, n'kupopera madzulo ndi sopo pang'ono. Mankhwala a m'botolo sindiwafikitsa pa masamba amene mawa alowa mumphika.

Koriyanda ndimafesa kukayamba kuzizira, kuyambira Epulo, pamalo pomwe adzakulire chifukwa sakonda kuwokeredwa. Kukatentha amathamangira maluwa, ndipo ameneyo ndimamusiya dala: njere zikachita khofi ndimadula mapesi, kuwaumitsa pamthunzi, zina n'kusinja zothira mu nyemba, zina n'kusunga m'botolo kuti ndidzafese chaka chamawa.