Mchere wa Pamsewu Ndiwo Umadya Galimoto M'nyengo ya Chipale

Kuzizira pakokha sikuwononga thupi la galimoto. Chitsulo chouma chikhoza kukhala panja pa madigiri -30 Celsius kwa miyezi osachita kanthu, chifukwa dzimbiri limafuna madzi osaundana kuti ligwire ntchito. Chimene chimatha magalimoto ku Canada, ku Sweden, kumpoto kwa United States ndi kwina kumene kumagwa chipale chofewa ndi mchere umene amathira m'misewu kuti isaterere. Mcherewo umasakanikirana ndi chipale chosungunuka, mchenga ndi matope, matayala n'kumawaza zonsezo kunsi kwa galimoto tsiku lonse. Mwiniwake amayang'ana boneti ndi zitseko, n'kuona kuti zangotuwa pang'ono, pomwe chitsulo chikudyeka kumene iye sasuzumirako.

Mchere umene amathirawo si wamtundu umodzi. Wamba uja, sodium chloride, umasungunula bwino madzi oundana mpaka cha m'ma -9. Kukazizira kuposa apo, osamalira misewu amathira calcium chloride kapena magnesium chloride, ndipo iwiriyi ndi yoopsa kwambiri pa galimoto. Mchere wamba ukauma umasanduka fumbi loyera, ndipo umayambanso kunyowa chinyezi cha mumpweya chikafika pafupifupi 75 peresenti. Magnesium chloride amayamba kukoka madzi chinyezi chili cha m'ma 33 peresenti chabe. Ndiye kunsi kwa galimoto kumakhala kuli chinyontho ngakhale tsiku limene msewu wauma gwa.

Apa mpamene galaja yofunda imapusitsa anthu. Galimoto ikagona panja pozizira kwambiri, matope amchere aja amauma n'kuundana, dzimbiri n'kuchepa mphamvu. Mukailowetsa m'galaja yotenthetsedwa ili yosatsuka, zonse zimasungunuka, madzi amchere amalowerera m'ming'alu ndi m'malumikizo a zitsulo, kutentha n'kufulumizitsa ntchito yowonongayo usiku wonse. Sindikunena kuti galaja yofunda ndi yoipa. Injini ndi batire zimapindula nayo. Koma amene amagoneka galimoto mofunda ayenera kutsuka kunsi pafupipafupi kuposa amene amaisiya panja, ndipo m'galajamo muzidutsa mpweya, madzi otsika m'galimoto azikokololedwa kutuluka.

Kutsuka kamodzi pa masiku 10 mpaka 14 n'kokwanira kwa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku pamisewu yothira mchere. Onjezerani kutsuka kwina chipale chikagwa chambiri, misewu ikangoyamba kuuma. Tsiku lofunika kwambiri kutsuka ndi lija kwayamba kufundako pambuyo pa masiku ozizira koopsa, chifukwa mpamene mchere wonse umene unaundana umadzuka. Sankhani masana, kunja kuli madigiri 4 kapena kuposa. Kukakhala pansi pa 0, madzi amaundana pa penti musanawapukute, amalowa m'maloko ndi m'malabala a zitseko, ndiponso amasandutsa pabwalo panu poterera. Zikatero pitani kotsukira kwa m'nyumba kumene kuli zowumitsira, kapena dikirani.

Yambani kunsi, musanakhudze penti. Madzi akhale ozizira kapena ofunda pang'ono. Lozetsani payipi m'kati mwa madigadi onse anayi, makamaka pa mlomo wachitsulo wopindikira m'kati pamwamba pa tayala. Pisani chala pamlomo umenewo ndipo mupeza matope okhuthala, onyowa, okhala ngati phala. Ndi amene amabowola madigadi kuchokera m'kati, penti n'kuyamba kutupa timatuza kunja patapita zaka zingapo. Kenako tsukani zitsulo zazitali za m'munsi mwa zitseko, chasisi, masipuling'i, ndi timapayipi ta mabuleki ndi ta mafuta timene timadutsa kunsi kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Madzi ambiri oyenda pang'onopang'ono amachotsa mchere bwino kuposa madzi ochepa amphamvu, popeza cholinga ndi kuusungunula n'kuukokolola. Ngati mukugwiritsa ntchito makina opopa madzi mwamphamvu, kamwa yake ikhale kutali masentimita 30 kapena kuposa, ndipo musalozetse pa mawaya, pa masensa kapena pa malabala otchinga girizi m'majoyini. Labala lozizira limauma, silichedwa kung'ambika.

Pa penti, vuto lalikulu ndi mchenga. Fumbi la nyengo imeneyi lili ndi timiyala tosaoneka, ndipo mukangoyamba kupukuta ndi siponji musanatsukuluze, ndiye kuti mukukwecha galimoto ndi sandipepa. Tsukuluzani kaye thupi lonse kuchokera padenga kutsika, thirani thovu la sopo wa galimoto, lisiyeni mphindi zitatu kapena zinayi osalola kuti liume, n'kutsukuluzanso. Mukatero m'pamene mungagwire penti. Khalani ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina ya madzi oyera otsukira nsalu musanaiviikenso m'sopo. Mbali ya m'munsi mwa zitseko ndi mabampa ikhale yomaliza, ndi nsalu yakeyake. Sopo wotsukira mbale asafike pa galimoto: amasukulutsa phula loteteza penti, limene m'nyengo imeneyi likufunika kwambiri.

Amene alibe payipi, kapena payipi yawo yaundana, angagwiritse ntchito mankhwala otsukira osafuna kutsukuluza. Ambiri amasakanizidwa pa mlingo wa mamililita pafupifupi 30 m'malita 8 a madzi ofunda, koma werengani pabotolo. Mumanyika nsalu zofewa za microfibre zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi zitatu m'ndowamo, n'kumatenga imodzi, kupukutira chigawo chimodzi cha galimoto, kuumitsa ndi nsalu youma, osabwezeranso yakudayo m'ndowa. Njirayi ndi yabwino m'galaja, koma ili ndi malire. Siitsuka kunsi, ndipo pa galimoto yomatirira matope imakanda penti. Dzerani kaye kotsukira kuti mugwetse zokhuthalazo.

Za kotsukira kwa makina, sankhani kumene kuli madzi owaza kunsi ndipo lipirani ndalama yowonjezerayo, chifukwa ndi mbali yokhayo ya ntchitoyo imene ikuteteza chitsulo. Makina osakhudza galimoto ndi abwinoko kuposa a maburashi, amene amanyamula mchenga wa magalimoto amene adutsapo kale.

Kuumitsa ndi kumene ambiri amachitira ulesi, ndipo mawa lake amapeza zitseko zitakana kutseguka. Tsegulani zitseko zonse, buti ndi kachitseko kothirira mafuta, mupukute mafelemu ndi malabala onse mpaka aume. Gwedezani zogwirira zitseko kangapo kuti madzi obisala atuluke. Pukutani kuseri kwa magalasi oonera kumbuyo. Kunsi kwa chitseko chilichonse kuli timabowo totulutsira madzi; tikatsekeka ndi matope, madzi amchere amadikha m'kati mwa chitseko. Tizibuleni ndi kapulasitiki kosongoka, osati waya, kuti musakande penti. Pa malabala pakani girizi wa silikoni kapena glycerine pang'ono, kamodzi pamwezi. Mafuta ochokera ku petulo asapakidwepo chifukwa amatupitsa labala n'kulifewetsa. Chitseko chikamatirira ndithu, musachikoke ndi mphamvu, labala lingasupuke. Chikankheni kangapo ndi chikhatho m'mbali mwake kuti madzi oundanawo asweke. Windo la magetsi nalonso likakana kutsika, lekani kudina batani. Timapulasitiki togwira galasi m'kati mwa chitseko timathyoka motero.

Mukamaliza, yendetsani galimoto makilomita angapo, mukuponda mabuleki mofatsa kangapo kuti aume. Poimika usiku umenewo, ngati malo ndi athyathyathya, isiyeni m'giya kapena pa P osakoka handibuleki. Mabuleki onyowa amamatirira akaundana, ndipo chingwe cha handibuleki chokhala ndi madzi m'kati chimakana kubwerera. Chinanso: chiwongolero chikayamba kunjenjemera mutathamanga pambuyo podutsa m'chipale chakuya, suzumirani m'kati mwa malimu musanathamangire kwa makaniko. Kawirikawiri ndi chibuma cha chipale chimene chamatirira mbali imodzi, n'kusokoneza kulemera kwa tayala.

Ntchito ina imayenera kuchitika chipale chisanayambe. Pakani phula kapena mankhwala otetezera penti kukadali kofunda, popeza ambiri sagwira bwino pa chitsulo chozizira. Paliponse pamene kamwala kanasupula penti, tsukanipo, umitsani, dontheziranipo penti wa mtundu womwewo. Kabala kochepa ngati mutu wa machesi kamakula nyengo imodzi yokha. Kunsi, ine ndimakhulupirira mankhwala amafuta kapena a lanolin (mafuta a mu ubweya wa nkhosa) opopera chaka ndi chaka kuposa phula lakuda lolimba ngati labala. Amafutawo amayenderera n'kulowa m'malumikizo ndi m'kati mwa zitsulo zamphako. Lolimbalo likapakidwa pa chitsulo chimene chayamba kale dzimbiri, kapena likang'ambika, limasunga madzi amchere kuseri kwake, kunja kukuoneka bwinobwino. Popopera, mabuleki ndi ekizozi zisakhudzidwe.

Galasi lakutsogolo likachita chisanu, madzi otentha asayandikire. Mbali imene yathiridwa imafutukuka mwadzidzidzi pomwe ina idakali yozizira, ndipo kamng'alu kakang'ono kamene kanalipo kamathamanga kudutsa galasi lonse. Lizani injini, yatsani hita yoloza pagalasi, palani ndi chopalira chapulasitiki. Mawayipa muwamasule ndi dzanja musanawayatse. Akamatirira amang'amba labala, kupsereza fyuzi kapena kuwononga mota. M'thanki ya madzi otsukira galasi muzikhala mankhwala a nyengo yozizira, olembedwa -20 mpaka -40 malinga ndi dera, ndipo musawasungunule ndi madzi pokhapokha botolo litanena. Madzi akaundana amafutukuka ndi 9 peresenti, zokwanira kuphulitsa thankiyo ndi kapampu kake. Chotsaninso chipale chonse padenga musananyamuke, chifukwa mukaponda mabuleki chimatsetserekera pagalasi, ndipo mukathamanga chimaulukira amene akubwera kumbuyo. Galimoto ikakwiririka, fukulani kaye kamwa ya ekizozi musanalize injini. Utsi wa carbon monoxide sununkha, ndipo ukasowa kotulukira umalowa m'galimoto.

M'kati, nsapato zimabweretsa chipale chamchere. Ikani mamati alabala okhala ndi milomo yokwera, muzikhuthula madzi ake. Kapeti yonyowa imadyetsa pansi pa galimoto kuchokera m'kati, ndiponso ndi imene imachititsa nthunzi pa magalasi m'mawa. Madontho oyera a mchere amachoka ndi viniga woyera wosakaniza ndi madzi ofunda, theka ndi theka: wazani, dikirani mphindi zochepa, tsindikizani ndi thaulo louma. Pochotsa nthunzi yatsani AC pamodzi ndi hita, ndipo batani lozunguza mpweya wa m'kati likhale lozimitsa.

Za injini ndingotchula zimene zimasiya anthu panjira. Madzi a m'rediyeta osakaniza theka ndi theka ndi antifreeze (mankhwala oletsa madzi kuundana) wa ethylene glycol amapirira mpaka pafupifupi -37. Kuthira antifreeze yekhayekha si nzeru, popeza payekha amaundana cha m'ma -13. Batire yodzaza imaonetsa mavoti 12.6 injini itazima kwa maola angapo, ikaonetsa 12.2 ili pafupifupi theka. Nambala ya CCA yolembedwa pa batire, yosonyeza mphamvu yake yolizira injini kozizira, imayezedwa pa -18, kuzizira kumene batire imafooka pomwe oyilo walimba ndipo injini ikufuna mphamvu yochuluka. Batire yophwa imatha kuundana kukangofika cha m'ma -10, ndipo yotero, makamaka ikatupa m'mbali, musailumikize ku galimoto ina kuti muilize, ikhoza kuphulika. Oyilo atsatire buku la galimoto. Oyilo wolembedwa 0W kapena 5W amayenda msanga kozizira kuposa wa 10W. Kumene kumafika -15 kupita pansi, hita ya magetsi yotenthetsa injini imathandiza, ndipo maola awiri mpaka anayi musananyamuke ndi okwanira. A dizilo athire dizilo wa nyengo yozizira, chifukwa wa chilimwe amachita phula n'kutseka fyuluta. AdBlue, madzi oyeretsera utsi m'magalimoto ena a dizilo, amaundana pa -11, choncho thanki yake isadzazidwe mopitirira.

Mpweya wa m'matayala umatsika pafupifupi 1 psi kuzizira kukawonjezeka ndi madigiri 5 kapena 6, ndiye pimani kamodzi pamwezi matayala ali ozizira. Matayala a nyengo yozizira, okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu ndi kachipale pakati, amayamba kugwira bwino msewu kuposa a chilimwe kutentha kukatsika pansi pa madigiri 7. Kwina ndi lamulo: ku Quebec, chigawo cha dziko la Canada, amafunika kuyambira pa 1 December mpaka pa 15 March. Mapanga ake akatsala osakwana mamilimita 4, mphamvu yake pa chipale yatha.

Chipale chikatha, musafulumire kuiwala. Misewu imakhalabe ndi mchere mpaka mvula yamphamvu itagwa kawiri kapena katatu, ndipo kutsuka kwakukulu kwa chaka kuchitike pambuyo pake. Kwezani galimoto, chotsani matayala, ndipo ngati n'kotheka masulani mapulasitiki a m'madigadi kuti mukokolole matope obisala kuseri kwake. Kenako tengani tochi, mutsatire timapayipi ta mabuleki kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pamene tagwiridwa ndi timakilipu ndi pamwamba pa thanki ya mafuta, pamene madzi otsukira safika bwino. Dzimbiri lofiira lapamwamba lingatsukidwe n'kupakidwa mafuta. Payipi imene yatupa, ikusupuka makoko mukaikanda ndi chikhadabo, kapena yanyowa pamalo amodzi, isinthidwe galimoto isanabwererenso pamsewu.