Ka Jawa ka m'chitini cha mabisiketi

Lero Lamulungu ndinadzuka kusanache, ngakhale dzulo ndinaweruka usiku kuntchito. Mayi a kunyumba anangotembenuka n'kunena kuti, "Abambo, pochokera ku zidole zanuzo mubwereko ndi anyezi." Ndinavala jekete lokhuthala, n'kutenga kathumba komwe ndimasungamo galasi lokuzira zinthu ndi katochi, ulendo wa ku car boot sale kunja kwa Leicester. Kwa inu amene simunafike kuno ku Britain, ameneyu ndi kaunjika wa eni dziko. Munthu amalongedza m'galimoto katundu amene watopa naye, n'kukaima pabwalo la msipu, n'kuyala patebulo: mbale, mabuku, mafosholo, nsapato za ana amene anakula kalekale.

Ine ndimapitira chinthu chimodzi, tizidole ta mu filimu ya Star Wars timene kampani ya Kenner ya ku Cincinnati inkapanga kuyambira 1978 mpaka 1985. N'tating'ono, tambiri sitikwana masentimita 10. Kuno ku Britain inkatigulitsa ndi kampani ya Palitoy ya ku Coalville, tauni ya m'dera lomwe lino la Leicestershire, ndiye m'madenga mwa nyumba za kuno mukadali zambiri. Chatsopano cha m'sitolo sinditola.

Mizere itatu yoyambirira sindinapeze kanthu. Kunkagwa kamvula kowaza, udzu unali chinyezi chokhachokha, ndipo anzanga ena odziwa malondawa anali atadutsamo kale ndi matochi awo. Kumapeto kwa mzere wachinayi ndi kumene ndinapeza mayi wina wa imvi atakhala pa kampando kopinda, akumwa tiyi wa m'fulasiki. Pansi pa tebulo lawo panali chitini chakale cha mabisiketi, chivundikiro chili pambali. Ndinagwada pomwepo pamatope.

Pamwamba panali Stormtrooper amene kuyera kwake kunasanduka chikasu ngati dzino la wosuta fodya. Kenako Chewbacca wopanda mfuti, Han Solo, ndi Ben Kenobi wopanda mkanjo wake. Nditasuntha Ben uja, mtima unagunda kamodzi mwamphamvu. Pansi pake panagona ka Jawa, kovala kamkanjo ka pulasitiki wofewa.

Wosatola zidolezi sangamvetse. Jawa anali m'gulu la zidole 12 zoyambirira za mu 1978, ndipo anatuluka atavala kamkanjo ka pulasitiki kopyapyala. Pasanapite nthawi Kenner inakachotsa n'kumusokera ka nsalu. Nkhani imene otola zidole timakamba ndi yoti kachidoleko kanali kakafupi kwambiri, ndiye kampani inaopa kuti makolo aona ngati akuberedwa polipira mtengo wofanana ndi wa zidole zazitali. Wa nsalu ali ponseponse, ine ndili nawo atatu. Wa pulasitiki ndi wosowa zedi, moti wina wosatsegula, ali pa kakatoni kake ka Palitoy, anagulidwapo pa okushoni kuno ndi mapaundi oposa 20,000.

"Chilichonse m'menemo ndi mapaundi awiri," anatero mayiwo.

Ndinakhala chete, kachidole kali m'manja. Sindibisa, ganizo lotulutsa ndalama n'kuchokapo msanga linandifikira. Koma mayiwo ndi a msinkhu wa mayi anga ondibereka, ndipo ndikanapita nako kunyumba sindikanatha kukayang'ana.

"Amayi, aka musagulitse mapaundi awiri. Kakakhala kenikeni ndi ka ndalama zambiri. Mundilole ndikaone bwino."

Iwo anavala magalasi, n'kukayang'ana, n'kuseka mpaka tiyi kutayikira. Akuti mkanjowo anadula ndi mwana wawo wamwamuna ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ka nsalu kanatayika kunyanja pa tchuti, mwana analira tsiku lonse, ndiye pofika kunyumba anatenga sizasi yawo yosokera, n'kuvula Ben Kenobi, n'kufupikitsa mkanjo wake kuti Jawa asagone wamaliseche. Akuti anamukalipira chifukwa cha sizasiyo. Mwanayo pano ndi bambo wa zaka zoposa 50, amakhala kutali, ndipo ndiye anawauza kuti achotse zonse za kudenga.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditaika galasi ndinaona zimene mtima wothamanga unandibisira. Mkanjo weniweni wa Jawa wa Kenner mtundu wake umayandikana ndi thupi la kachidoleko, pamene uwu unali woderako, wopita kofiira, mtundu wa Ben. M'munsi mwake munali mokhotakhota, ndipo penapake sizasi inaphonya n'kubwereranso, kusiya kamano kakang'ono. Anthu achinyengo amachita zomwezi masiku ano, amadula mkanjo wa Ben ndi lezala bwinobwino n'kukagulitsa pa intaneti ngati weniweni. Koma uyu sanafune kunamiza munthu. Anali mwana wofuna kufunditsa mnzake.

Ndinatenga zonse zisanu, ndi kamfuti kakuda komwe kanali pakona pa chitini. Iwo anati mapaundi khumi, ine ndinapereka makumi awiri ndi asanu, chifukwa Han Solo uja ndi wa mutu waung'ono, ndipo ndinawauza zimenezo. Anyezi ndinagula kwa mlimi wa pageti.

Masana titadya nsima, ine ndi mwana wanga wamkazi tinayala thaulo patebulo. Madzi ofunda pang'ono, kasopo kotsukira mbale, mswachi wofewa, basi. Iye ndiye ali ndi maso akuthwa, ndiye ntchito yowerenga kumbuyo kwa miyendo ndi yake. Pa Han anawerenga G.M.F.G.I. 1977, ndi Hong Kong. Zilembo zoyambazo zikuimira General Mills Fun Group, eni ake a Kenner nthawi imeneyo, kampani yomwe ambiri amaidziwa ndi zakudya za m'mawa. Kumiyendoku ndi kumene kuli mbiri ya chidole. Zina zinalembedwa Taiwan, zina Macau, zina China, ndipo zina dzina la dziko linafufutidwa pa chikombole, pamangotsala kachipsera. Zidole ziwiri zooneka zofanana ukaziika pamodzi umapeza kuti nsidze zinapentedwa mosiyana, pulasitiki wa china ndi wolimbirapo, chifukwa zinachokera m'mafakitale osiyana, m'manja mwa anthu osiyana.

"Adadi, n'chifukwa chiyani wa mutu waung'ono ali wodula?" Ndinatsitsa wa mutu waukulu pashelefu kuti aone yekha. Woyamba anali wa mutu waung'onoyu, kenako kampani inaumbanso mutu pofuna kuti ufanane bwino ndi Harrison Ford, amene anasewera Han Solo mu filimu, koma watsopanowo unakula mopitirira thupi. Kwa ine woyamba ndiye wooneka bwino.

Ndikaganiza, pafupifupi zonse zimene timazithamangira zinabadwa chonchi, wina atalakwitsa kapena atasintha maganizo. Imene imandikoma kwambiri ndi ya Snaggletooth. Okonza zidole anapatsidwa chithunzi chakuda ndi choyera chokha, chosaonetsanso miyendo. Iwo anangoganizira, n'kumupanga wamtali, wa zovala zabuluu ndi majombo asiliva, n'kumugulitsa mu 1978 kudzera m'masitolo a Sears ku America. Kenako zinadziwika kuti mu filimu munthuyo ndi wamfupi, wa zofiira. Anakonza, wabuluu uja n'kusiya kupangidwa, ndipo lero aliyense akufuna wolakwikayo. Boba Fett woponya kamzinga kumsana sanafike n'komwe m'manja mwa ana mu 1979. Mwana wina atamwalira chifukwa chotsamwa ndi kamzinga ka chidole cha kampani ina, Kenner inamata kake kuti kasachoke, ndipo zoyeserera zochepa zimene zinatsala, chimodzi chinagulidwa ndi madola oposa miliyoni imodzi mu 2024. Chimenecho sindichilakalaka. Mtengo wake ndikaumva ndimakumbuka mwana uja.

Kamfuti tinakaponya m'kapu ya madzi, kanayandama. Ichi ndi chizindikiro chabwino, popeza zabodza zakale zambiri zimamira, koma si umboni wokwanira chifukwa opanga zabodza anachenjera, zawo zina zimayandamanso. Chimene chikundilimbitsa mtima ndi chitini chomwe kachokera, komanso timano ta mwana tili kumpope kwake.

Mwana wanga anafuna kuti Stormtrooper timuyeretse. Alipo amene amaviika zidole zachikasu m'mankhwala oyeretsera otchedwa hydrogen peroxide n'kuziika padzuwa, zimayera mbee. Ine ndinakana. Chikasucho chimadzabwerera, pulasitiki amafooka, ndipo wodzagula mtsogolo amanamizidwa. Zaka zoposa 40 zaoneka pathupi pake, zisiyeni zioneke.

Tikupukuta, ndinamuuza za chidole changa choyamba, nkhani yomwe ndinali ndisanamufotokozere yonse. Ndili mwana ku Ndirande, mayi anandigulira jekete la pakaunjika ku Limbe. M'thumba la mkati ndinapezamo kanthu ka khosi lalitali lopindika, maso ali m'mbali mwa mutu, kovala buluu. Palibe mwana wa m'dera lathu amene anadziwa kuti n'chiyani. Tinkangokatcha Chimutu. Ife zidole zathu zinali ng'ombe zadothi ndi magalimoto amawaya, ndiye Chimutu anakhala dalaivala wa lole yanga ya mateyala a zitsekerero za mabotolo. Mwezi wa June kukuzizira, mlongo wanga anamudulira kansanza ka chitenje, tinamumanga nako m'khosi ndi ulusi wa thumba la feteleza. Dzina loti Hammerhead ndinadzalidziwa ndili wamkulu, nditamuona kwa kanthawi kochepa mu filimu pa video show. Anatayika liti sindikumbuka, mwina posamuka nyumba. Amene ali pashelefu panoyu ndinagula kuno, ndi wosalala bwino, koma si Chimutu.

N'chifukwa chake m'mawa muja mayi aja akusimba za sizasi, ine m'maso munadzaza misozi, ndinachita kuyang'ana kumbali ngati ndikufuna chenje m'thumba.

Madzulo ano ndakonza malo pashelefu yapakati. Ben Kenobi sindimugulira mkanjo wina, ngakhale yeniyeni imapezeka. Ndamuimika momwemo, Jawa ali pambali pake atavala theka la mkanjo wake. Chidole chilichonse ndimachilembera kapepala ka chaka, dziko ndi komwe ndinachipeza, kuti ana anga asadzavutike kapena kunamiza munthu mosadziwa. Ka Jawa mwana wanga wapempha kulemba yekha, ndipo walemba ndi pensulo kuti: "1977, Hong Kong. Mkanjo si wa kufakitale, anadula ndi mwini wake ali ndi zaka 7." Pansi pake wajambulapo kasizasi.