Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Chaka Chimene Ndinkalemba za Graphene

Zikomo nonse amene munalemba ndemanga pa gawo lapitalo, makamaka amayi a ku Bulawayo aja amene akuti amawerengera ana awo nkhanizi madzulo. Achimwene amene munati ndinathawa labotale posaka ndalama zosavutikira, gawo ili ndi lanu. Muwerenge mpaka kumapeto.

Ndalama za kafukufuku zitauma ku Manchester, monga ndinakufotokozerani, ndinalowa ntchito pa kampani ina yaing'ono yogulitsa graphene. Ankafuna munthu wodziwa kemisitiri amenenso cholembera chimamumvera. Ine ndinkatenga zotsatira za anzathu a mu labotale n'kuzilemba m'njira yoti injiniya wa fakitale ya penti, matayala kapena konkire amve n'kuganiza zogula. Mapepala amenewa amawatcha data sheet ndi white paper. Ntchitoyi ndinaikonda, ndipo sayansi yake inali yochuluka kuposa imene ndinkachita ndikutsuka mabotolo.

Kwa amene simukudziwa: mtima wa pensulo uja ndi graphite, timapepala ta kaboni tosanjikizana. Mukatisenda mpaka kutsala kamodzi, kopyapyala ngati atomu imodzi, kameneko ndiye graphene. Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anakasenda ndi selotepi mu 2004 pa yunivesite ya Manchester, ndipo mu 2010 analandira mphoto ya Nobel. Pofika 2015 nyumba ya National Graphene Institute inali itatsegulidwa, ndipo aliyense wofuna kukopa anthu a ndalama ankangotchula dzinalo.

Vuto linabwera ndi chiganizo chimodzi: “cholimba kuposa chitsulo maulendo 200.” Abwana anga ankafuna chikhale pamwamba pa pepala la katundu wathu watsopano. Mawuwo ali ndi maziko ake. Mu 2008 akatswiri a pa Columbia University anayeza kapepala kamodzi kopanda chilema, ndipo kanalimbadi modabwitsa. Koma ife tinkagulitsa ufa wakuda wa m'zigubu, ndipo makina a Raman, oyeza zinthu ndi kuwala, ankaonetsa kuti tizidutswa tambiri tinali tosanjikizana koposa 10. Malinga ndi muyezo wa 2017 wa ISO, bungwe la padziko lonse loika miyezo, zikapitirira pamenepo si graphene ayi, ndi graphite wopera bwino basi. Mu 2018 akatswiri a ku National University of Singapore, pamodzi ndi Novoselov yemwe, anayeza katundu wa makampani 60 n'kupeza kuti ambiri graphene weniweni sankafika ndi 10 peresenti yomwe. Ndinaika lipoti limenelo pa desiki ya abwana. Iwo anangoti, “Aliyense amalemba choncho. Lemba.”

Nthawi yomweyo ndi imene bambo anagwa kumunda, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Amayi anandiimbira usiku. Sanalire, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Ankangowerengera zofunika: mankhwala, galimoto yopita kuchipatala, njinga ya olumala, munthu wothandiza kuwatembenuza. Kenako anati, “Mwananga, lankhula nawo, akumva.” Anaika foni pakhutu pa bambo. Ndinamva kupuma kwawo, ndinamva akuyesetsa kutchula dzina langa, lilime likukana. Munthu amene anagulitsa ng'ombe zake kuti ndikafike ku Chanco, amene ankandifunsa tebulo la masamu tikupalira, tsopano sangathe kunena dzina limene anandipatsa yekha. Ndinakhala pansi m'khitchini mpaka kunja kunayera, foni ili m'manja, pepala losamaliza lija lili pa kompyuta.

Muzindikire kuti viza yanga inali ya Tier 2, yomangiriridwa kwa olemba ntchito. Ntchito ikatha, lamulo linkapereka masiku 60 kuti upeze ina kapena unyamuke. Malume a ku Mitundu aja, ndikudziwa mukuwerenga, munandiuza kuti, “Mphwanga, wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, lemba zimene mwini ntchito akufuna.” Sindikusungirani mangawa. Koma mawu amene munafalitsa pamudzi, oti ndinaika matama patsogolo pa moyo wa bambo anga, anandilasa, ndipo amayi anavutika nawo kutchalitchi. Ndalama ndinatumiza mwezi uliwonse osaphonya, ngakhale pamene ndinkadya kamodzi patsiku.

Chifukwa chake ndinakana ndi ichi. Injiniya amene amawerenga pepala langa samayeza yekha chilichonse. Amakhulupirira nambala, n'kusakaniza ufawo mu konkire kapena mu rabala ya tayala limene munthu adzayendere pa msewu. Ndiponso graphite si nkhani ya kutali kwa ife. Ali ku Malingunde, ali ku Kasiya pamodzi ndi mwala wina wamtengo wotchedwa rutile, ndipo ku Balama ku Mozambique akukumba kale. Mapepala ngati omwe ndinkalembawa ndi amene adzaikidwe pamaso pa akuluakulu athu. Ndikanayamba kunama, ndikanadzawawerengera bwanji anthu akwathu ndi mtima woyera?

Ndinalemba pepalalo ndi zoona zokhazokha: kusanjikizana kwa tizidutswa, kukula kwake, kuchuluka kwa okosijeni, ndi zimene ufawo unachitadi titausakaniza mu epoxy, guluu wolimba wa m'mafakitale. Katunduyo anali wabwino pa ntchito yake, sankafunika bodza. Abwana anapereka pepalalo kwa munthu wina kuti alikometse, ine anasiya kundiitana ku misonkhano, ndipo nyengo yozizira isanathe anandipatsa kalata yoti udindo wanga wathetsedwa.

Masiku 60 aja anayamba kuwerengedwa bambo akadali pa mphasa. Mmene ndinawayendera, komanso za injiniya wa fakitale ya penti amene anandifunafuna atawerenga pepala langa loyamba lija, ndidzakuuzani mu gawo 15.