Mbuzi ya Amalume Inauwa

Mbiri yoti ine ndimatha kujambula inayambira ku pulayimale, pa phunziro la Expressive Arts. Aphunzitsi ankandituma kubolodi kukajambula mapu a Malawi, chifukwa iwo akati ayese, nyanja inkatuluka ngati chinangwa. Kuyambira pamenepo dzina langa linatha. Kusukulu, kutchalitchi, ngakhale kuchigayo, aliyense ankangoti a Atisiti.

Nditalemba MSCE ndinkangokhala pakhonde ndi kope komanso pensulo ya HB, kujambula nkhope za pa ndalama. Mayi Rose Chibambo a pa K200 ndinawajambula mpaka ndinaloweza. Kamuzu wa pa K1000 ankandivuta, osati chifukwa cha nkhope yake ayi, koma ndalamayo sinkachedwa m'nyumba mwathu. Ndikangoyamba khutu, amayi abwera kuti akagule mchere ndi sopo. Anthu akaona zithunzizo ankati, "Eee, ndi omwewo ndithu!" Pansi pa chithunzi chilichonse ndinkalembapo dzina la mwini nkhope ndi zilembo zazikulu, ndiye mwina zimenezonso zinkathandiza.

Maloto anga anali otsetsereka phiri kupita ku Mua, ku Kungoni, malo a zaluso omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kuti ndikakhale pakati pa anthu osema ndi ojambula enieni. Koma mwayi woyamba unandipeza pakhomo pomwepo.

Amalume anatsegula butchala pa trading yathu, m'mbali mwa msewu wa M1, pakati pa Dedza ndi Linthipe. Anapita kwa madala ena olemba zikwangwani kukafunsa mtengo wojambula pakhoma. Atamva mtengowo anagwira pakamwa, n'kubwera molunjika kwathu.

"Mphwanga, mbuzi umaidziwa?"

"Amalume, funso lanji limenelo? Si ine ndakula ndikudyetsa mbuzi za agogo?"

"Basi, ukandijambulire imodzi pakhoma. Yonenepa. Munthu akamadutsa pa minibasi, malovu azidzadza m'kamwa."

Tinagwirizana kuti malipiro anga akhala chiwindi Loweruka lililonse kwa mwezi wathunthu. Iwo anagula timabigiri ta penti wa oyilo, wakuda, woyera ndi wofiira, burashi yaikulu ndi yaing'ono, ndi botolo la palafini.

Ndinayamba ntchito dzuwa litapendeka, chifukwa sindinkafuna anthu ondiunjirira. Choko sindinatenge. Pepala loyeserera sindinatenge. Mbuzi inali m'mutu mwangamu, ndiye ndinangoviika burashi mu penti wakuda n'kuyamba ndi mimba, popeza amalume anatsindika za kunenepa. Mimbayo inakula bwino kwambiri, moti pofika pa khosi ndinali nditakwera kale pampando. Mutu unakagunda malata. Malo a nyanga panalibe.

Ndinaganiza msanga. Mbuzi zina nyanga zake zimapindikira kumbuyo, ndiye ndinazipinda, n'kuzitsitsa m'mbali mwa mutu. Zinakumana ndi makutu, penti n'kusakanikirana, zonse zinasanduka chinthu chimodzi cholendewera. Ndinati ndidzakonza mawa.

Pa mchira m'pamene penti anayamba kulimba, ndiye ndinathiramo palafini wambiri. Ndikungokhudza khoma, penti anayenderera mpaka pafupi ndi pansi. Penti wa oyilo ukamupukuta amangofalikira, choncho njira yobisira inali imodzi yokha: kutsatira mzerewo ndi burashi n'kuusandutsa mchira. Unatuluka wautali, wolendewera, wopindika pang'ono kunsonga. Kumapazi kunali kutayamba mdima, ndinangodinda timibulu tinayi. Kenaka ndinaona kuti nyama ya pa bizinesi iyenera kuoneka yosangalala. Ndinaitsegula kukamwa, n'kuika mano oyera m'mwamba ndi m'munsi. Penti wofiira wa milomo nayenso anayenderera, ndipo poti nzeru inali itagwira kale ntchito pa mchira, ndinamusandutsa lilime. Pomaliza ndinayatsa tochi ya foni n'kulemba pansi pake kuti NYAMA YA LERO LERO.

M'mawa mwake linali tsiku la msika. Ndinasamba, n'kuvala dala malaya omwe anadonthera penti, kuti ofuna kudziwa mwini ntchito asavutike. Ndili chapatali ndinaona chikhamu cha anthu pa butchala. Mtima unati phaa! Ndinayenda pang'onopang'ono n'kukaima kumbuyo kwawo kuti ndimve akundiyamikira.

Woyamba kulankhula anali mwana wogwira chitenje cha amayi ake.

"Amayi, galuyo amaluma?"

"Khala chete iwe, tiye!"

Bambo wina wokankha njinga ya makala anaima, n'kuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anagwedeza mutu. "Koma bamboyu ndi wachilungamo," anatero. "Anzake amabisa."

Amene anakhalako m'ma trading akudziwa kuti nkhani imeneyi si yoseweretsa. Mphekesera zoti uje amagulitsa kanyenya wa galu zimayenda msanga kuposa minibasi, n'chifukwa chake ogulitsa ambiri akasenda mbuzi amasiyako mchira ndi ubweya wake kuti wogula adzionere yekha. Amalume anali atasiya michira bwinobwino pa mbuzi ziwiri zomwe anapachika m'mamawa. Koma ndani akanayang'ana kamchira kakang'onoko pomwe panja panali umboni wotalika khoma lonse? Kuwonjezera apo, galu wina wa pamsika anabwera n'kudzakhala pansi pa chithunzicho, lilime lili panja chifukwa cha dzuwa. Anthu anayamba kufananitsa. Ambiri anagwirizana zoti wa pakhomayo ndiye anali galu weniweni, wamoyoyo anali wowonda kwambiri.

Ndinayesa kubisa malaya ndi manja, koma amalume anali atandiona kale. Anatuluka chikwanje chili m'manja, anthu n'kupatuka okha.

"Mphwanga, ichi n'chiyani?"

"Ndi mbuzi, amalume."

"Mbuzi ya kuti?"

Apa ndinakumbukira za kusukulu. Ndinawafotokozera kuti luso silifuna kufanana ndendende. Ndinati kuno kwathu komwe, m'mapiri a Chongoni, muli malo 127 a zithunzi za pamiyala, zofiira zomwe anasiya Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Ndinati nyama zina za pamiyalapo munthu sungatchule msanga kuti ndi nyama yanji, komabe alendo amachokera kutali kudzazijambula.

Amalume anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "A ku Chongoniwo amagulitsa nyama?"

Nthawi yomweyo minibasi yochokera ku Lilongwe inaima tsidya la msewu. Kondakitala anasuzumira pawindo, n'kuona khoma, n'kumenya chitseko. "Pagalu! Otsika Pagalu!"

Tsiku limenelo mbuzi ziwiri zija tinadya pachibale, ina n'kuwamba.

Amalume sanafune kuwononganso ndalama. Anagula laimu, n'kusungunula mu ndowa, madzulo omwewo anapaka okha khoma lonse mpaka linayera mbee. Kwa masiku angapo zinthu zinakhala ngati zabwerera, makasitomala awiri atatu anayamba kulowa. Koma laimu sagwira pa penti wa oyilo, amangokhala pamwamba. Usiku wina kunagwa chimvula cha mphepo chomwe chinawomba khomalo. Kutacha, galu anali atabwerera. Osati yense ayi: mutu, mano ndi lilime basi, zikusuzumira m'kati mwa zoyerazo. Amayi ena popita kumapemphero a m'mawa anaona zimenezo n'kuwoloka msewu. Pofika masana nkhani inali itasintha. Sinalinso yoti amalume amagulitsa galu, koma yoti anakhwimira bizinesi, ndipo chizimba chawo chikukana kufufutika.

Ndi mmene anabwererera kwa madala aja, chipewa chili m'manja. Madalawo anabwera pa njinga, anayang'ana khoma, anayang'ana ine, osaseka ngakhale pang'ono. Ndalama anati alandira yomwe ija ananena poyamba, koma burashi sagwira.

"Amene anabereka galuyu ndi amene amuchotse. Ine ndizingoyang'anira."

Anandipatsa sandipepa. Ndinapala khomalo mpaka zala zinatuluka matuza, kenaka tinapaka undercoat, n'kusiya kuti aume. Podikirapo anauza amalume kuti abwereke tonde mmodzi mwa mbuzi zodikira mpeni. Anamumangirira pamtengo kuseri kwa butchala, n'kundikhazika pa njerwa ndi kope langa.

"Mwana wanga, wati unkadyetsa mbuzi. Tandiuza, mano akutsogolo a m'mwamba ili nawo angati?"

Ndinatchula nambala ina yake. Iwo anagwira tonde uja kukamwa n'kukweza mlomo. Munalibe dzino ngakhale limodzi, nkhama yolimba yokhayokha. Mano akutsogolo mbuzi ili nawo m'munsi mokha. Anandionetsa diso: kadontho kakuda ka pakati si kozungulira monga ka galu kapena ka munthu, n'kotambalala chopingasa. Mchira ndi waufupi ndipo umaloza kumwamba. Chiboda n'chogawanika pakati. Pa mwendo wakumbuyo, mfundo yomwe imaloza kumbuyo, imene ine moyo wanga wonse ndinkaiyesa bondo lopindika molakwika, ndi chidendene. Bondo lenileni lili m'mwamba, pafupi ndi mimba.

"Zaka zonsezo unkayang'ana kuti zisalowe m'munda mwa eni," anatero madalawo. "Mbuziyo sunaiyang'anepo."

Kenaka anandiphunzitsa kuyeza. Umatambasula mkono wonse, pensulo ili chilili, n'kutsinzina diso limodzi. Nsonga ya pensulo uyiike pamwamba pa mutu wa nyamayo, chala chachikulu pa chibwano. Umenewo ndiye muyezo wako, ndipo uziwerenga kuti mitu yotero ikulowa kangati m'thupi, kangati m'mwendo. Chigongono chikangopindika, muyezo wasokonekera. Anandiletsanso kuyamba ndi diso kapena ndevu. Uyambe ndi zinthu zikuluzikulu, mopepuka, chifuwa, chiuno, mutu, kuti uone ngati nyama yonse ikukwana papepala usanakongoletse kalikonse. Anatulutsa m'thumba kachidutswa ka pensulo ya 6B, yofewa, yakuda bii, n'kunena kuti imeneyo ndi ya mithunzi yokha, pomaliza, ndipo ndikaitaya ndigula.

Vuto n'loti tonde sadziwa kuti akujambulidwa. Ndikayeza mutu, watembenuka. Ndikayamba msana, wagona. Ndinang'amba mapepala ambiri, ena kufufuta mpaka kubooka. Dzuwa likulowa ndinatulutsa chithunzi chimodzi chomwe ngakhale ine ndinadabwa nacho. Inali mbuzi, yoti sufunika kulemba dzina pansi. Ndinachiika pa njerwa n'kuthamanga kukaitana amalume kuti adzaone. Pobwera tinapeza tonde watambasula khosi mpaka pomwe chingwe chinathera, akutafuna mwakachetechete, kona yomaliza ya pepala ikulowa m'kamwa.

Amalume anaima manja ali m'chiuno. "Chithunzicho chili kuti?"

"Chili m'mbuzimo, amalume."

Apa m'pamene madala aja anaseka koyamba, mpaka kukhala pansi. Anati ndisadandaule, chithunzi chomwe mwini wake wachilandira choncho ndiye kuti chinali chabwino. Mawa lake ndinajambulanso, nditakhala patali ndi chingwe.

Kusamutsira pakhoma kunali ndi njira yakenso. Papepala tinajambula timabokosi ndi rula. Pakhoma tinatenga chingwe chopaka choko, awiri kugwira uku ndi uku, kuchikoka pakati n'kuchisiya kuti chimenye khoma, mzere woongoka n'kutsala. Mabokosi a pakhoma anali ochuluka mofanana ndi a papepala, kungoti akuluakulu. Ndiye umangotengera zomwe zili m'kabokosi kamodzi kupita m'bokosi lake, ndi choko, osaganiza zoti ukujambula mbuzi. Nyanga zinapeza malo ake, kutsalanso mpata pansi pa malata. Penti anandiuza kuti ndizitapa pang'ono, kupukutira burashi pamlomo wa chitini, ndipo mtundu wina usakhudze unzake usanaume. Wofiira sanandilole n'komwe kutsegula.

Mbuzi inatuluka. Ya ndevu, ya ziboda zogawanika, kamchira kali m'mwamba, kukamwa kotseka. Amalume anaizungulira ndi maso n'kunena kuti yaonda, koma sanapitirize. Makasitomala anabwerera pang'onopang'ono, oyamba anali a kabaza, omwe njala siwapatsa nthawi yokumbukira zakale. Chiwindi changa sindinachione. Amalume anati chinapita ku sandipepa, undercoat ndi mbuzi ziwiri zija, ndipo tikawerengera bwino ine ndi amene ndili ndi ngongole.

Dzina la siteji lokha ndi lomwe linakana sandipepa. Poyamba amalume ankathamangira minibasi iliyonse kukakangana ndi kondakitala, koma anatopa. Masiku ano wina akaimba foni kufunsa komwe kuli butchala, ndimawamva akuyankha motsitsa mawu kuti, "Mungowauza kuti mutsikira Pagalu."

Ine ndikujambulabe tsiku ndi tsiku, nkhuku, njinga, manja a agogo akusenda nandolo. Posachedwapa alamu ena omwe atsegula saluni pafupi ndi butchala anabwera kudzandifunsa ngati ndingawajambulire pakhoma mutu wa mzimayi woluka mesh. Tinkakambirana mtengo pakhonde, amalume akunola mpeni chapafupi, ngati sakumva. Alamuwo atanyamuka kuti azipita, amalume anawaitana.

"Mayi, mumulole ajambule, watha tsopano. Koma mzimayi wojambulidwayo muyambe mwamumangirira pamtengo."