Argentina inawina, koma tikiti yanga inafa

Ndimagulitsa kachewere pamsika wa Ulónguè, kuno ku Angónia, ndipo mpira ndinayamba kuukonda ndili wamng'ono. Kubetcha ndinayamba mochedwa, mu 2022, mlamu wanga atandionetsa pafoni yake. Ndikulemba izi chifukwa anyamata ambiri amene timaonera nawo mpira pabaraka amaika ndalama asakudziwa chimene manambala aja akunena, ndipo inenso ndinadutsa momwemo.

Kulembetsa sikuchedwa. Amafuna nambala ya foni, dzina lomwe lili pa BI (chiphaso cha unzika), ndiponso kuti ukhale utakwanitsa zaka 18. Makampani obetchetsa muno mu Mozambique amayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo ofesi ya boma yoyang'anira juga ndi Inspecção Geral de Jogos. Mlamu wanga anandichenjeza kuti, "Alamu, nambala ikhale yanuyanu, dzinanso lenileni. Tsiku lotapa ndalama akadzaona mayina akusiyana mudzavutika." Ndalama ndinapereka kwa ejenti wa M-Pesa pamsika pomwepo, ena amadzera pa e-Mola, kenako ndinaisamutsira mu akaunti yobetchera. Mphindi 5 zisanathe zonse zinali zitatheka.

Pambali pa timu iliyonse pamakhala nambala, ife timati odi. Imakuuza kuti ndalama yako ichulukitsidwa kangati ukalondola. Tiyerekeze kuti UD Songo, timu ya m'chigawo chathu chino yomwe inatenga Moçambola, ligi yaikulu ya dziko lino, mu 2017 ndi 2018, ikulandira Costa do Sol. Pafoni paoneka zizindikiro zitatu: 1, X ndi 2. 1 ndi eni bwalo, 2 ndi alendo, X ndi kufanana mphamvu. Tinene kuti 1 ali pa 2.10, X pa 3.20, 2 pa 3.40. Ukaika mametikali 100 pa Songo n'kuwina, ulandira 210, koma m'menemo muli 100 yako ija. Phindu ndi 110 basi. Odi ikachepa ndiye kuti kampani ikuona kuti chinthucho n'chapafupi kuchitika, ikakula, n'chakutali.

Mitundu ina ya kubetcha ndinaizolowera pang'onopang'ono, ndipo pafoni imalembedwa m'Chipwitikizi. Dupla hipótese ndi kugwira mbali ziwiri, monga 1X: Songo iwine kapena afanane, iwe wadya, kungoti odi yake imatsika kwambiri. Mais de 2.5 ndi kunena kuti zigoli zonse pamodzi zikwana 3 kapena kupitirira, pomwe menos de 2.5 ndi 2 kutsika m'munsi. Theka lija analiika dala kuti pasakhale kukangana, popeza kulibe theka la chigoli. Ambas marcam ndi kuti matimu onse awiri agoletsa. Pali handicap, pomwe timu yamphamvu imayamba ngati ili ndi ngongole: ikakhala pa -1.5 iyenera kuwina ndi kusiyana kwa zigoli ziwiri kapena kuposa. Palinso kulosera zigoli ndendende, monga 2-1, komwe odi imakhala yonona koma kulondola kwake n'kwa kamodzikamodzi.

Chimene mlamu wanga sanandiuze ndinachipeza ndekha ndi kakyuleta yowerengera malonda. Ine ndikagula thumba la kachewere ku Tsangano sindiligulitsa pamtengo womwewo, ndimaikapo kanga. Kampani nayonso kake kali m'kati mwa odi. Tengani manambala a Songo aja. Kuti mulandire 100 pa 2.10 muyenera kuika pafupifupi 48, pa 3.20 muike 31, pa 3.40 muike 29. Mwatseka makomo onse atatu, palibe chingachitike pabwalo chimene simunabetche. Koma mwatulutsa 108, ndipo zivute zitani mubwezeredwa 100. Mametikali 8 amenewo ndiwo chakudya cha kampani, ndipo imadya pa masewera aliwonse, Songo iwine kapena igonje. Tsiku limene ndinaona zimenezi ndinasiya kuiona odi ngati ulosi. Ndi mtengo, woikidwa ndi wogulitsa wodziwa ntchito yake.

Chimene chimatha ndalama za anyamata pabaraka ndi múltipla, kuphatikiza masewera angapo patikiti imodzi. Maodi amachulukitsana: masewera 5, alionse pa 1.50, amafika pa 7.59, ndiye mametikali 50 akhoza kubala pafupifupi 380. Ukaona mayina ngati Benfica, Porto, Real Madrid, mtima umati amenewa sangagwe. Koma 1.50 ikutanthauza kuti mwa maulendo atatu, kamodzi zimakanika. Kuti onse 5 alondole tsiku limodzi zimatheka mwina kamodzi pa maulendo 8, ndipo imodzi ikangopunthwa tikiti yonse yapita. Mawu amene ndawamva kwambiri pabaraka ndi akuti "yandipha imodzi yokha". Amanena zoona, koma múltipla anaipanga kuti izifa choncho, ndipo kagawo ka kampani kaja kamakula pa masewera aliwonse amene wawonjezera.

Langa tsoka linabwera Lamlungu pa 18 Disembala 2022, tsiku la fainolo ya World Cup ku Qatar, Argentina ndi France. Chimanga chinali chitamera, ndipo m'thumba ndinali ndi ndalama imene tinkasonkhanitsa ya feteleza wobereketsa. Ndinatapapo 500 n'kuika pa Argentina, pa 1X2 pomwe paja, odi ili 2.70. Ndikanalandira 1,350.

Mpira unayamba 5 koloko madzulo. Baraka inadzaza, ena atakhala pamakireti, ena ataima pakhomo mvula ikuwawaza. Messi anagoletsa penate, Di María anawonjezera, pokapuma ili 2-0. Pafoni panatuluka batani la cash out, lomwe limakulola kugulitsa tikiti mpira usanathe. Ankandipatsa ndalama yopitirira 1,100. Mlamu wanga anandigwira paphewa: "Alamu, tengani imeneyo." Ndinakana. Ndinkafuna yonse. Pa mphindi 80 Mbappé anagoletsa penate, mphindi yotsatira anamenyanso china. 2-2. Ndalama ya pabatani ija inasungunuka ndikuona.

Mphindi 90 zinatha choncho, mphindi 30 zowonjezera zinatha 3-3, ndipo pamapenate Argentina inawina 4-2. Ndinalumpha pamodzi ndi anzanga, ndinakumbatira anthu osawadziwa. Nditatsegula foni ndinapeza tikiti yafiira, alemba kuti ndaluza. Ndinkaganiza kuti andibera. Mkulu wina amene anakhala pambali panga anaiyang'ana n'kunena modekha kuti, "Achimwene, 1X2 imathera pa mphindi 90 ndi zongowonjezera za oimbira zija. Pamenepo inali 2-2, ndiye yadya ndi X. Mukanafuna wonyamula chikho, imeneyo ili payokha." Ndinafufuza pa malamulo a kampani, tizilembo ting'onoting'ono timene sindinawerengepo, ndipo zinali momwemo.

Kunyumba mayi a ana anandifunsa ndisanavule n'komwe nsapato: "Bambo, ndalama ya feteleza ija yaperewera bwanji?" Ndinawauza zoona. Sanakalipe, anangokhala chete n'kupitiriza kupakula nsima, ndipo chete ameneyo anandipweteka kuposa 500 ija. Feteleza tinathira mochedwa ndi sabata imodzi, nditagulitsa matumba ena awiri.

Kutapa ndalama ukawina n'kosavuta ngati mayina akugwirizana: umalemba kuchuluka kwake, imalowa pa M-Pesa. Chovuta n'kuitapadi, chifukwa ikakhala mu akaunti imaoneka ngati manambala chabe, ndipo kubetcha mpira uli m'kati, kumene amati ao vivo, kumakuitana mphindi iliyonse odi ikamasintha. Panopa ndikawina ndimatapa usiku womwewo.

Sindinasiye kubetcha, koma ndinagwirizana ndi mayi a ana kuti ndi mametikali 100 pa sabata, ochokera pa ndalama yanga ya fanta ndi mayunitsi, osati ya munda kapena ya mpamba. Ikatha yatha, sindithamangitsa yoluza. Kumbuyo kwa kope la malonda ndinajambula mizere iwiri, wina wa zimene ndaika, wina wa zimene ndalandira, ndipo ndimalemba tikiti iliyonse, ngakhale ya mametikali 20. Kumapeto kwa 2023 ndinaphatikiza, ndipo mzere wa zolandira unali waufupi. Kope limenelo ndinamuonetsa mphwanga amene wangokwanitsa zaka 18, tsiku limene anabwera kudzandifunsa kuti ndimuphunzitse kulembetsa. Anakhala pathumba la kachewere n'kuwerenga tsamba lonse ndi chala, kenako anandipempha kakyuleta.